Bezi ya ku Bulawayo Yafika

Chipoka,
P.O. Salima,
Nyasaland.
21 Seputembala, 1958.

Okondedwa achimwene a Yesaya,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli ndi moyo wabwino kumeneko ku Bulawayo, pamodzi ndi alamu. Ife kuno tikudzuka, kungoti dzuwa layamba kale kuwotcha, ndipo mwera watisiyira chifuwa nyumba yonse.

Katundu uja munatumiza anafika bwinobwino pa sitima mwezi wathawu. Ndachedwa kuyankha chifukwa panali nkhani imene abambo anandiletsa kukulemberani, ndipo sindikanatha kunena za gitala ya bezi munatumizayo osaikhudza nkhaniyo. Dzulo andilola okha. Ndiye khalani pansi, achimwene, muwerenge mofatsa.

Abambo sakumva. Papita zaka ziwiri tsopano. Anadwala malungo aakulu dzinja la madzi osefukira lija, makutu anayamba kutuluka mafinya, ndipo atachira mawu a anthu anayamba kuwatalikira pang'onopang'ono mpaka anazimiririka. Kuchipatala anawapatsa mankhwala odontheza koma sanathandize. Masiku ano sitima ikamalira pasiteshoni apa, iwo amaidziwira utsi. Anandiletsa kukuuzani poti ankati mukamva musiya ntchito n'kubwera kudzawalira ali moyo. M'thupi alidi bwino, musadandaule: kumunda amapita, ukonde amasoka, ndipo kudya amadya ngati mnyamata.

Mukukumbukira chipinda chakumbuyo chija amasungamo mabezi awo, zoimbira za mawu aakulu zija. Onse alimo. Babatoni wamkulu uja anapanga okha ndi chikopa cha ng'ombe yathu yofiira, amene munkakhala pamwamba pake muli mwana. Wa bokosi la tiyi uja wa nsambo imodzi. Ndiponso chibezi choimirira chija anabwera nacho kuchokera ku Halale nkhondo itangotha, chosweka pamimba, chimene anachimata ndi ulimbo n'kuchitcha Mvuu. Inu mutachoka anawonjezerapo gitala ya mlombwa ya nsambo zonenepa, imene anasinthana ndi mbuzi kwa mmisiri wina wa ku Khombedza. Anayenda pansi kukaitenga, atangomva mbiri yake. Amayi mpaka lero amawatchula mabezi onsewa kuti akazi anzawo, chifukwa akuti chipinda chosadontha m'nyumba muno chinapita kwa iwo.

Makutu atayamba kuvuta, abambo sanafune kugonja msanga. Chaka chatha kunali ukwati kwa a Binali, ndipo anyamata a banjo anadzawatenga monga mwa masiku onse. Ananyamula Mvuu. Nyimbo yoyamba inayenda bwino chifukwa ankayang'ana mapazi a ovina. Koma anthu atachuluka, fumbi litakwera, iwo anatsogola okha, anzawo akutsalira. Nyimbo inatha, anyamata analeka, koma abambo ankangokoka nsambo atatsinzina, osadziwa kuti akuimba okha pabwalo lonse. Wina anachita kuwagwira paphewa. Atatsegula maso anaona mano a anthu ali poyera, kuseka. Sanali kuseka mwachipongwe, ayi, koma munthu wosamva sangasiyanitse. Anabwera kunyumba, anafunditsa mabezi onse masaka, n'kumanga chitseko ndi waya. Kuyambira tsiku limenelo sanakhudzenso nsambo.

Amayi ndiwo anavutika kwambiri, ngakhale sanganene. Mukudziwa mmene awiriwa ankakanganirana tsiku ndi tsiku za mchere, za nkhuku, za chilichonse, kenako n'kumaseka. Poyamba amayi ankafuula mpaka anansi kumva zonse za m'nyumba mwathu. Kenako anatopa, anayamba kungoloza ndi chala. M'nyumba munangoti zii. Ine ndikafuna kuwauza kanthu kakatalikirapo ndimalemba pansi ndi kamtengo, koma amayi kulemba sadziwa.

Ndiye taganizani tsiku limene katundu wanu anafika. Tinakamutenga pa ngolo, ana a m'mudzi muno akutitsatira. Abambo anazula misomali pang'onopang'ono kuti matabwa asasweke, ndipo ataona chimene chinali m'katimo anapita kaye kukasamba m'manja. Achimwene, chinthucho n'chokongola. Pakati pofiirira ngati bango lakupsa, m'mbali mwakuda, chosalala moti ndinadziona nkhope. Koma kulemera kwake ngati chipika, ndipo pamimba palibe bowo. Anthu anayamba kufunsana kuti mawu atulukira pati. Bokosi lokuzira mawu limene linabwera nayo ena ankati ndi wayilesi.

Abambo anaikhazika pamiyendo, anakoka nsambo yaikulu, n'kutiyang'ana kumaso. Kunangomveka kamawu kochepa ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anthu anakhumudwa, ndipo iwo anaona.

"Ikulira bwanji, Dailes?" anandifunsa.

Ndinalemba pansi kuti, monga munanenera m'kalata yanu, imafuna magetsi kuti ilankhule.

Anawerenga, anaseka pang'ono, nati, "Ndiye Yesaya wanditumizira mnzanga. Iyo sinena, ine sindimva. Tikhalitsana bwino."

Anthu anaseka nawo. Amayi anadzuka n'kupita kukhitchini akung'ung'udza kuti mwana wanzeru akanatumiza bulangeti. Nditawatsatira ndinawapeza atakhala pamtondo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Musawakwiyire, achimwene, sankanena za bulangeti.

Gitalayo sinalowe m'chipinda cha masaka. Abambo anaiimika pafupi ndi mphasa yawo, ndipo m'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi, basi.

Amene anatithandiza ndi Che Sidiki, mnzawo wakalekale uja ankapha naye usipa, amene tsopano amayang'anira injini kumakina a thonje. Anabwera kudzaona chodabwitsacho, anachizungulira, anatukula chingwe cha bokosi lija n'kuyang'ana kumapeto kwake.

"Kodi magetsi ake ndi ena, osiyana ndi amene timayatsira nyale kumakina kuja?" anandifunsa.

Ndinati sindidziwa.

"Tikayesa Loweruka, Inshallah. Bwana ndikamupempha ndekha. Munthu uyu anaimba pa ukwati wanga osalandira ngakhale nsomba imodzi."

Abambo anakana. Anati sakufuna kukasekedwanso, ndipo chinthu chimene sachimva alibe nacho ntchito. Che Sidiki sanatsutsane nawo. Loweruka masana anangofika ndi ngolo, ananyamula bokosi, ananyamula gitala, n'kuyamba ulendo. Abambo anaimirira pakhonde akuyang'ana gitala yawo ikugwedezeka pa ngolo popanda woigwira. Sanapirire. Anathamanga, anakaitsitsa, n'kuinyamula okha paphewa mpaka kukafika.

Tinafika anthu akuweruka. Azimayi onyamula thonje anali akukutumula nsalu zawo pakhomo, ndipo atationa anabwerera m'kati. Nyumba yakeyo ndi yaitali, ya malata, pansi pake ndi pa matabwa. Makina anali atazimitsa koma injini inali ikuyendabe kuseri. Che Sidiki analumikiza chingwe, nati Bismillah, ndipo pabokosi panayaka kanyali kofiira. Tinadikira. Bokosilo linayamba kung'ung'uza lokha.

Panalibe mpando, choncho abambo anangokhala pamwamba pa bokosi lomwelo, mapazi ali pa matabwa opanda nsapato. Anakoka nsambo yaikulu ija mosafuna, ngati munthu amene akungokondweretsa mnzake.

Achimwene, ine ndinamva m'mimba mwanga mukugwedezeka. Malata onse ananjenjemera, thonje limene linakakamira kudenga linayamba kugwa pang'onopang'ono pamitu pathu, ndipo mayi wina anathawira panja akuitana dzina la mwamuna wake. Abambo anadumpha ngati alumidwa ndi chinkhanira. Anayang'ana bokosi, anayang'ana mapazi awo, n'kukhalanso pansi mosamala. Anakokanso. Anakoka ina.

"Sidiki! Ikudzera kumsana! Ndikuimva, ikudzera kumsana!"

Anafuula kwambiri, poti sadziwa kukula kwa mawu awo, koma palibe anaseka. Zala zinali zitauma, ndipo poyamba zinkaphonya. Pang'ono ndi pang'ono zinakumbukira. Anayamba kanyimbo kaja ankakonda kutidzutsa nako Lamulungu m'mawa, kaja inu munkavina mutavala chipewa chawo. Azimayi a thonje aja anayamba kuwomba m'manja, wina anatenga chitini n'kumamenya, ndipo tsiku limenelo panalibe zotsogolana, chifukwa mawu a beziyo anali aakulu moti aliyense ankangotsata iwo. Che Sidiki, munthu amene sindinamuonepo akuvina, anavula chisoti n'kumagwedeza mapewa, thonje lili mbuu m'ndevu.

Amayi anali atakana kubwera. Koma nditacheuka ndinawaona ataima pakhomo, dengu lili pamutu, ngati munthu wongodutsa. Anaima pomwepo mpaka injini inazimitsidwa.

Pobwerera ndinadziwa chimene chinali mumtima mwa abambo: magetsi ali kumakina, ndipo thonje likatha mwezi wamawa injini idzagona mpaka chaka chamawa. Munthu kulawa kamodzi chinthu chimene unachitaya, n'kukulandanso, zimapweteka kuposa poyamba. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tinalakwa kuwatengera kumeneko.

Patapita masiku angapo ndinali kuchapa kuseri, abambo atakhala pakhonde ndi gitala pamiyendo, akungoisisita. Kutentha kunawagwetsa tulo, mutu unawerama, chibwano chinakatsamira pa thabwa la gitalayo, ndipo chala chinakhudza nsambo. Ndinangomva akundiitana ndi mawu achilendo. Nditathamangira ndinawapeza ataluma kumutu kwa gitala, kumene kuli zomangira nsambo, akukoka nsambo imodziimodzi, maso ali tong'o. Akuti akaluma thabwalo mawu amalowera m'mano n'kukamveka m'mutu mwenimweni, bwinobwino, popanda magetsi. Tsiku lomwelo anamasula waya pachitseko chija, anachotsa masaka, n'kuyesa mabezi onse. Mvuu imamvekako, babatoni pang'ono, koma yanuyi ndiyo yoposa, poti ndi thabwa limodzi lolimba lopanda mphako.

Kenako anayang'ana amayi, amene ankapeta mpunga pabwalo.

"Make Yesaya, tabwerani."

Amayi anabwera ndi lichero lawo.

"Gwadani apa. Gunditsani khosi lanu pa thabwali, mulankhule."

"Zamanyazi izi," amayi anandiuza ine, "masanasana, anthu akudutsa mumsewu."

Koma anatula lichero, anagwada, anagunditsa khosi pamimba pa gitala. Abambo analuma kumutu kuja n'kutsinzina.

"Nanga ndinene chiyani?" amayi anandifunsa.

"Chilichonse, amayi. Koma pang'onopang'ono."

Anaganiza, kenako anati, "Bambo a Yesaya, denga la khitchini likudontha. Ndakhala ndikukulozerani chaka chonse."

Abambo anachotsa mano pa thabwa. "Denga? Mwati denga?"

Amayi anangogwedeza mutu kuvomera.

"Nenaninso."

Ananenanso. Abambo anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ikutsikira pa gitala yanu yokongolayo, ndipo anati, "Mawu anu sanakalambe, mayi."

Ine ndinabwerera kochapa kwanga, chifukwa zotsalazo sizinali zanga.

Sikuti amamva zonse, ayi. Mawu ena amatayika, ndipo munthu ayenera kulankhula motsitsa, mosathamanga. Anga akuti ndi opyapyala, amamva theka. Koma tsiku lililonse akabwera kumunda awiriwa amakhala pakhonde, wina kuno wina uko, gitala ili pakati, amayi n'kumawafotokozera zonse za zaka ziwirizi: amene anamwalira, amene anakwatiwa, amene anabereka. Zambiri akuzidziwa kale, koma akuti akufuna kuzimva. Denga analifolera mawa lake lomwe. Ayambanso kukangana. Dzana amayi anayamba nkhani ya mbuzi ija inapita ku Khombedza, abambo anangochotsa mano pa thabwa n'kumayang'ana kumwamba, amayi n'kuwamenya ndi nsalu paphewa. Ndinaseka mpaka m'nthiti kupweteka.

Mutikhululukire, gitala yanu ili ndi zipsera za mano kumutu. Amayi anayesa kukulungapo kansalu koma abambo akuti nsalu imapha mawu. Ngati kumeneko nsambo zake zimapezeka, mutitumizireko yachiwiri kuchokera pamwamba, yayamba kumasuka. Che Sidiki akuti Loweruka lililonse mpaka thonje lithe khomo ndi lotsegula, ndipo anyamata a banjo aja ayamba kubwera okha kudzapempha kuimba nawo.

Akupereka moni Che Sidiki ndi a kunyumba kwawo. Amayi akuti bulangeti musatumize, alipo okwanira, ndipo akuti muzivala jekete poimba kumadansi kwanuko kuti chifuwa chisakuwonongereni mawu. Mupereke moni wanga kwa alamu, muwauze kuti mpunga wawo ndawasungira.

Abambo ali pompano pamene ndikulemba, ndipo andiuza kuti ndilembe izi monga akunenera. Akuti zikomo, mwana wanga. Akuti munachoka mawu anu asanakhwime, ndipo mawu a Yesaya wamkulu sakuwadziwa. Akuti ngati abwana anu angakuloleni pa Khirisimasi, mubwere, ngakhale masiku ochepa. Ndipo mukadzafika musadzaodire pabwalo, chifukwa sadzakumvani. Mudzangolowa, mudzagwade pa gitala, mudzaodire pamenepo. Iwo adzakuyankhani.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Dailes.