Mfuti ya Pansi pa Mpando

Malesso', Guam

Okondedwa achimwene anga a Kiko,

Ndikhulupirira muli bwino ku San Diegoko. Kuno mango apsa, koma wotikwerera mumtengo palibe, poti mwana wanga Goro akadali kundende.

Apilo yake yamveka. Oweruza ati kunali kulakwa kumumanga chifukwa cha mawu a aneba athu, amene wapolisi anangowawerenga m'khoti, eni ake osabwera kudzafunsidwa maso ndi maso. Mlandu uyambiranso. Umboni wotsala ndi mfuti yopanda chilolezo ija anaipeza pansi pa mpando wa pikapu yathu.

Loya akuti Goro akhoza kutuluka titatchula ena amene ankayendetsa pikapuyo. Ndinayamba kuwerenga mayina, poti makiyi ake amagona momwemo. Goro anandigwira dzanja nati, "Amayi, basi. Ndipo malume musawavutitse, ali ndi ana aang'ono."

Ndinamulera ndekha kuti azilemekeza akulu. Lero ndikunong'oneza bondo kuti anamvetsa.

Nyama ya nguluwe munatiphera musanakwere ndege ija tinamaliza kalekale, zikomo. Zina munasiya m'pikapuzo ndizo sizikutha.

Ndine mlongo wanu,
Marikita