Gitala Yafika Koma Sinalire

Okondedwa Bambo,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye amene watisunga tonse mpaka lero. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kuyenda wapansi mpaka kutchalitchi, kapena akukukwezanibe panjinga? Nanga maso? Amayi anandiuza pafoni kuti magalasi atsopano aja mumavala Lamulungu lokha, masiku enawa mumawatsekera m'kabati kuopa kuti angathe msanga. Muzivala, Bambo, anagulidwira zomwezo. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Achimwene, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Bambo kalatayi mokweza, monga mwa nthawi zonse. Ndikudziwanso kuti ndime ikakutalikirani mumailumpha n'kunena kuti ndangopereka moni. Lero musalumphe ngakhale mzere umodzi, chifukwa nkhani yanu ilimo.

Kuntchito zikuyenda. Anandichotsa ku makina ochapira, tsopano ndili pa makina ositira nsalu za pabedi za kuhotela. Timakhala awiri, wina agwire ngodya iyi wina iyo, n'kulowetsa nsalu pakati pa zitsulo zozungulira zotentha. Pofika masana malaya amakhala ngati ndagwera mumtsinje. Koma sindidandaula, a kapitawo ndi munthu wabwino, ndipo akafuna anthu a maola owonjezera amayamba kufunsa ine.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi iyi. Bambo, ndagula gitala. Si zija zamatabwa opyapyala zopachika m'masitolo ayi. Ndi ya mtundu womwe uja munkaimba inu ku bandi ya kuhotela ndili mwana: ya mimba yotukuka, ya mabowo awiri aatali opindika, lina uku lina uku. Pakati pake mpofiirira ngati uchi, m'mphepetemo n'kumadera pang'onopang'ono. Mukaiyang'ana chapambali dzuwa likulowa pazenera, mizere ya thabwalo imaoneka ngati ikuyenda. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, koma ndi ya amisiri enieni. Yatsopano ya mtundu umenewu ndingasite nsalu chaka chathunthu osadya, osaikwanitsabe.

Ndakhala ndikuisaka zaka ziwiri pa intaneti, nthawi yopuma masana, anzanga akusewera makadi. Mwezi wathawu ndinaiona. Mwini wake ndi mkulu wina wa dziko loyandikana ndi lino, amene waiimba zaka makumi atatu, koma zala zinayamba kumuuma. Ananditumizira kavidiyo akuiimba pang'onopang'ono. Mawu ake, Bambo, ndi onenepa, ofunda, ngati munthu wamkulu akulankhula m'chipinda china chitseko chili chotseka. Ndinaimitsa kavidiyoko pakati n'kupita kukasamba m'maso, chifukwa ndinamva ngati ndili pakhomo pathu Loweruka masana.

Ine ndinkaganiza kuti tikagwirizana mtengo ndiye kuti zatha. Ndinali mwana. Kuti iwoloke malire, a kampani yonyamula katundu anati salipiritsa kulemera kwa chinthu koma kukula kwa bokosi. Ndinawauza kuti m'kati mwa gitala ndi mpweya wokhawokha, iwo n'kuyankha kuti mpweyawo nawonso ukwera galimoto. Kenako panabwera inshulansi, kuti ikasweka panjira pakhale pogwira. Mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi ndi kalipentala, timawatcha a Ndikudziwa chifukwa palibe chimene sachidziwa. Iwo anati ndisiye zonsezo, ali ndi mnzawo dalaivala wa basi amene angaibweretse motchipa. Mkulu uja atamva anakanitsitsa. Anati gitala yake sigona pansi pa matumba ndi matayala, ngati ndikufuna za basi andibwezera ndalama zanga.

Itafika kuno inatsekeredwa kwa a kasitomu, okhometsa msonkho aja, masiku asanu ndi limodzi. Ndinapita katatu, kuima pamzere, kulemba mafomu, kubwezedwa chifukwa cha sitampa. Mayi amene ankawerengera msonkho anatsegula bokosi, n'kuona khosi la gitala likuwala, thupi lake lili chikulungire m'nsalu. Anati ndikunama, chinthu chokongola chonchi sichingakhale chakale, andilipiritsa ngati chatsopano. Ndinapemphera chamumtima, kenako ndinaitembenuza n'kuwaonetsa kuseri kwa khosi, pamene chala chachikulu cha mkulu uja chinadya utoto mpaka thabwa kuonekera. Mayiwo anapasisita ndi chala, n'kungoti chabwino. Zonse pamodzi, kunyamula, inshulansi ndi msonkho, zinawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa mtengo uja. Apa ndiulule: kuti ndikwanitse, ndinagwira ntchito masiku awiri a Lamulungu, osapita kutchalitchi. Ndinakawauza abusa ndipo anandidzudzula mwachikondi. Sindidzabwerezanso.

Loweruka lapitali masana ndinafika nayo kuchipinda. Chipinda chathu ndi chaching'ono, mabedi awiri, katani pakati, ndiye bokosi linadzaza kanjira konse. Ndinasamba m'manja kaye. Ndinaigoneka pabedi, n'kuyamba kuchotsa nsalu ija. Nsambo zonse zinali lendelende, zitagona pamimba pa gitala. Kathabwa kakuda kaja kamene nsambo zimatsamirapo, kamene inu munkakatcha kamtsamiro, panalibe. Nditafufuza ndinakapeza m'kathumba ka m'kati mwa bokosi, katakulungidwa m'kampango. Ndinangoti basi, mkulu uja wandigulitsa chothyoka, ndipo wabisa chidutswacho kuti ndichione mochedwa.

Bambo, mwana wanu amene munamuphunzitsa kuugwira mtima analemba uthenga wonyansa. Ndinamutcha mkulu uja wakuba. Ndinamuuza kuti imvi zake zilibe manyazi. Ndinatumiza ndisanapume n'komwe.

A Ndikudziwa anandiuza kuti ndisalire, iyi ndi ntchito yaing'ono, iwo amamata mipando yokhalira anthu onenepa ndiye kathabwa aka n'kachani. Anatulutsa botolo la guluu pansi pa bedi, n'kupukuta pamimba pa gitala ndi malaya awo, n'kuyamba kuyeza ndi diso pamene angakamate. Ine ndinavomera. Paja amati safunsa anadya phula. Chivindikiro cha botolo chinali chitatsegulidwa kale pamene foni inalira. Anali mkulu uja, akuimba foni ya vidiyo. Ndinayankha ndili wokonzeka kukangana, ndipo ndinalozetsa foni pabedi kuti aone yekha zimene wachita. Iye anaona botolo lija.

Anati, "Mwana wanga, muuze mnzakoyo aike botolo pansi. Kameneko sikamatidwa. Kamangokhala pamenepo, nsambo zikamangika ndi zimene zimakagwira."

Anafotokoza kuti anamasula nsambo n'kuchotsa kamtsamiroko dala, kuti bokosi likagundidwa panjira kasaboole mimba ya gitala. Anati magitala onse a mtundu umenewu ndi otero, ukamasula nsambo zonse kamagwa kokha, ndipo tikanamata tikanapha mawu ake mpaka kalekale. Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Iye anangoseka, n'kunena kuti malemu akazi ake ankamutcha mayina oposa pamenepo chifukwa cha gitala yomweyo. A Ndikudziwa anatseka botolo n'kunena kuti iwo ankadziwa, amangofuna kuona ngati guluu sanaume.

Foni itaduka ndinakhala pansi, kamtsamiro kali m'manja, ndikungokayang'ana. Mnzanga ankaganiza kuti ndi manyazi a uthenga uja. Sizinali zimenezo. Achimwene, apa ndi paja ndinati musalumphe.

Mukukumbukira Loweruka lija kamtsamiro ka gitala ya bandi ija kanasowa, Bambo? Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inu munapita kukameta tsitsi pokonzekera kukaimba madzulo, gitala munaisiya pabedi. Ndinalowa m'chipinda n'kuyamba kupotokola timakutu tomangira nsambo ta kumutu kuja, chifukwa ndinkasangalala kumva nsambo ikutsika mawu ngati ng'ombe ikulira. Ndinapotokola tonse tisanu ndi kamodzi. Kamtsamiro kanagwera pabulangete. Ndinadziwa kuti ndathyola gitala ya eni ake. Ndinakatola, ndinathamangira m'kachipinda kosungira katundu, ndinakwera pamgolo, n'kukakankhira pakati pa khoma ndi malata, pamwamba pa chitseko.

Munafunafuna nyumba yonse. Amayi anakutumula mabulangete, anasesa mpaka pansi pa kabati. Munatifunsa tonse, ine ndinapukusa mutu. Chifukwa Achimwene ndi amene ankadziwika kuti amakonda kuigwira gitala ija, zikwapu zinagwera iwo. Ankalira akunena kuti si iwo, ine ndili chiimire pakhomo, kukamwa kuli gwa. Munasema kena kuchokera ku mpini wa tsache, koma nsambo zinkangolira ngati ntchentche yalowa m'botolo. Patatha masabata awiri mwini bandi anabwera kudzatenga gitala yake, akunena kuti simusamala katundu wa anthu. Kuyambira pamenepo munakhala pa makina osokera pakhonde la sitolo, ndipo sindinakumveninso mukuimba, kupatula ndi pakamwa kutchalitchi.

Ndasenza chimenechi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nthawi yonseyi ndinkadzitonthoza kuti ngakhale ndikanaulula sizikanathandiza, poti chinthu chinali chitathyoka kale. Loweruka lapitali ndi pamene ndadziwa kuti sichinathyoke. Ndikanangotambasula dzanja n'kunena kuti aka, mukanakabwezera pamalo pake madzi a tiyi asanawire, n'kupita kukaimba. Kwa Mulungu ndalapa kambirimbiri. Nditawauza abusa a kuno, anati Mulungu anamva kalekale, amene sanamve ndi bambo ako ndi mkulu wako.

Ndiye imvani lero. Bambo, ndinali ine. Achimwene, zikwapu zija zinali zanga. Mundikhululukire nonse awiri. Ngati mukufuna kundibwezera, Achimwene, ndikubwera ndekha, ndipo sindithawa, kungoti mudziwe kuti ntchito yositayi yandikulitsa mapewa. Mukamaliza kuwerenga tengani mpando mukasuzumire pamwamba pa chitseko chija. Malata sanasinthidwepo, ndipo thabwa lija linali lolimba, mwina chiswe chinalilephera.

Gitala imeneyi ndinagulira inu, Bambo. Poyamba ndinkafuna ndingoitumiza mwakachetechete ngati mphatso, osanena kanthu, kuti mtima wanga upepukeko popanda kutsegula pakamwa. Ndinafunsanso mtengo wotumizira kumeneko, ndipo ndi wokwera kuposa woyamba uja, msonkho wina pamwamba. Koma tsopano ndaona kuti ngakhale ukanakhala wotsika, si chinthu chotumiza ndi anthu. Ndikapatsidwa tchuthi miyezi iwiri ikubwerayi ndibwera nayo ndekha. Ndaifunsira kale mpando wakewake m'basi, ikhala pafupi ndi ine ngati mkwatibwi, ndipo pamalire ndikaisonyezanso pamene chala chinadya utoto.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilole ndidzaiike m'manja mwanu, ndipo kamtsamiroko mudzakaike ndinu. Mpaka lero sindinamve mawu ake ndi makutu anga, ndangowamva pafoni. A Ndikudziwa akundinyengerera tsiku ndi tsiku kuti timange nsambo tingomvako pang'ono. Woyang'anira kwaya yathu wabwera kawiri kudzaiona, ndipo akuti pamsewu wachiwiri kuchokera pano pali mmisiri wa magitala amene angaikonze tili chiimire. Onse ndawakanira. Ndimatsegula bokosi ndikaweruka, kuiyang'ana, kuipukuta, n'kutsekanso.

Ndili ndi nkhawa, sindibisa. Mwina mudzati zala zinaiwala. Mwina mudzati mkulu wa mpingo sagwira gitala ya kuhotela. Mwinanso mukamva zimene ndaululazi simudzafuna n'kuiona komwe, ndipo ndilibe pokudandaulirani. Koma ngati mungalole, ngakhale nyimbo imodzi yokha ya kutchalitchi, ine ndi Achimwene titakhala pansi, zidzandikwanira. Mundiyankhe kudzera mwa Achimwene, ngati akhale akundilankhulabe.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti tsache lawo lija linafupika chifukwa cha ine. Moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja amakonda kugwiragwira zinthu. Akadzagwetsa kanthu mudzamufunse mofatsa, kawiri. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa abale onse a kumpingo. Ndimakupemphererani m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, inunso musaleke kunditchula.

Nsambo zikadali zomasula, ndipo kamtsamiro kali m'kampango, kakudikira inu.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
uja anaima pakhomo osanena kanthu.