Semaya, mwana wa yani?

Tsiku la 9, mwezi wa Eluli, ku Geba

Mwana wamwamuna. Wabadwa dzuwa likutuluka, akulira ngati wina wamulanda kanthu. Mzamba wamupaka mchere, wamukulunga, wandipatsa. Ine Yedaya mwana wa Hanani, zaka makumi anayi ndi ziwiri, imvi zili mbuu m'ndevu, lero ndi pamene ndanyamula mwana wanga woyamba. Ndinathawira kuseri kwa khola kuti azimayi asandione ndikulira.

Mkazi wanga Hogila ali bwino. Wamwa msuzi wa mphodza, wagona.

Mapale olembapo atsala awiri. Ndiphwanya mtsuko wong'aluka uja. Ku Babulo ndinkalembera wamalonda pa zikopa zosalala, kuno ndi mapale basi. Zilibe kanthu, kuno ndi kwathu.

Mphuno ndi yanga. Aliyense wanena.

Tsiku la 10

Gadiyeli, mnansi wathu, wabwera m'mawa. Ndimayesa akudzaona mwana. Ayi ndithu, ndi za munda.

Munda wa azitona kumunsi kwa chitsime, mitengo makumi atatu ndi umodzi. Agogo Semaya anausiya pamene ankatengedwa ukapolo. Bambo anamwalira ku Babulo akuutchula, chonsecho sanauonepo. A kwa Gadiyeli sanatengedwe, ndiye akhala akuthyola zaka zonsezi. Titabwera zaka ziwiri zapitazo, mitengo inali yotopa, anandilola kulimamo ndi kumanga kanyumba m'mphepete. Chaka chino nthambi zalemera mpaka kugunda pansi, ndiye wakumbukira kuti sakutidziwa.

Akuti, "Munda uwu ndi wa nyumba ya Bukiya. Inu a ku Babulo mayina mumagula pamsika pamodzi ndi anyezi."

Ndamuwerengera bwinobwino monga bambo anandiphunzitsira. Yedaya mwana wa Hanani, mwana wa Semaya, mwana wa Pelatiya, mwana wa Bukiya, wa fuko la Benjamini. Waseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti Pelatiya ndi agogo ake iyeyo, ndipo za Semaya sanamvepo. Kaya sakudziwadi, kaya kwawo anaiwala dala.

Akuluakulu agamula kuti tikumane pachipata pa 15. Mpukutu wa mibadwo uli ku Mizipa, moto wa Ababulo sunafikeko. Dzina la agogo likapezeka, chabwino. Likapanda kupezeka, munda ndi kanyumbaka zapita, ndipo ife ndi alendo, okunkha m'minda ya eni. Ndi khanda la tsiku limodzi.

Sindikuopa. Agogo ndinawaona ndi maso anga, munthu wamtali, wopanda mano, wolusa.

Tsiku la 11

Ku Mizipa ndi kubwerako. Bulu akutsimphina, ndayenda pansi.

Mlembi ndi a Sefatiya, nkhalamba yowonda, inki mpaka m'ndevu. Mpukutu salola munthu kuukhudza, kupumirapo nkomwe. Amafunyulula pamene wapempha pokha, kwina konse aphimba ndi nsalu. Ndinati ana a Pelatiya mwana wa Bukiya. Anafunyulula, nkuloza ndi bango.

Rekemu ndi Alemeti. Basi.

Ndinawerenga katatu. Rekemu ndi bambo ake a Gadiyeli. Alemeti anafa pa nkhondo. Pamene ndimayembekeza Semaya palibe ngakhale pofufutidwa, kapena podyedwa ndi makoswe. Chikopa chili mbee.

A Sefatiya anati, "Siwe woyamba, mwananga. Sabata yatha kunabwera wina akuti ndi wa banja la ansembe, wabwerera akumeza mate."

Njira yobwerera sindikuikumbukira. Ndadya nkhuyu ziwiri tsiku lonse. Kodi bambo anandinamiza? Kapena agogo anali kapolo wa m'nyumbamo, nkudzitcha mwana atafika kutali kopanda womutsutsa? Ndachita manyazi kulemba zimenezi pa phale, koma ndaziganiza.

Hogila sindinamuuze zonse. Wadziwa yekha poona mmene ndavulira nsapato.

Tsiku la 12

Takangana. Mayi wa masiku atatu, ine nkumakweza mawu. Zochititsa manyazi.

Nkhani ndi ija ndakhala ndikuizemba miyezi isanu ndi inayi. Hogila anali mkazi wa achimwene anga a Mataniya. Anamwalira m'njira tikubwera kuno, malungo, tinawaika pafupi ndi mtsinje waukulu. Sanasiye mwana. Ndinalowa chokolo monga Chilamulo chinenera, poopa kuti mlamu angandivule nsapato ndi kundilavulira pamaso pa akuluakulu. Kumukonda kunabwera pambuyo, sikunali m'pangano.

Chilamulo chomwecho chimati mwana wamwamuna woyamba ndi wa malemuyo, kuti dzina lake lisafe mu Israyeli. Ndikudziwa. Koma tinabwera nawo aja anabalalika, ena ku Betelehemu, ena ku Yeriko. Kuno ku Geba palibe anawaonapo achimwene. Ndikati mwana wa Yedaya, angatsutse ndani? Ndadikira zaka makumi anayi. Munda ukupita, ndiye ndi mwana yemwe andilande?

Ndamuuza choncho. Anandisiya ndilankhule mpaka mate auma, iye akuyamwitsa.

Kenako anati, "Bambo, mwanayu adzakutchulani inu bambo mpaka kufa, zimenezo palibe angakulandeni. Koma mlembi salemba amene anabereka, amalemba amene Chilamulo chanena." Anandiyang'ana ngati waona njoka padenga. "Kodi a Pelatiyawo analibe mkulu wawo?"

Sindikudziwa. Bambo sanatchulepo. Ife timawerenga mzere wathu wokha, molunjika ngati chingwe, osacheuka. Ndipo ine dzulo ndinapempha ana a Pelatiya okha. Ana a Bukiya sindinafunse. Munthu wodziwa kulemba zinenero ziwiri, kupusa chotere.

Ndinafuna kuthamanga pompo. Dzuwa linali litapendeka kale, Sabata likulowa. Ndiyenera kukhala pansi tsiku lathunthu ndi funso limeneli m'mimba.

Tsiku la 14

Alipo. Agogo alipo.

Ndilembe mwadongosolo, dzanja likuthamanga.

Ndinafika ku Mizipa a Sefatiya asanasambe kumaso. Anati, "Iwe wa tsiku lija? Mayina samera ngati bowa, mwananga." Ndinati, pepani bambo, lero ndikupempha ana a Bukiya. Anadandaula za msana, nkufunyulula chakumanja.

Ana a Bukiya, Uziyeli woyamba kubadwa, ndi Pelatiya.

Ndinati ana a Uziyeli. Anati musanditopetse, Uziyeli aliyense akudziwa kuti anagwa padenga atangokwatira, sanaone mwana. Ndinagwada. Ine wosagwadira munthu, ndinagwada pa dothi la ku Mizipa. Anasuntha nsalu ija kachikhatho kamodzi kokha.

Ndaloweza mmene palembedwera. Uziyeli anafa wopanda mwana, ndipo Pelatiya mbale wake analowa kwa Maaka mkazi wake, ndipo anabala Semaya, mwana wa Uziyeli. Gawo lake ndi munda wa kuchitsime.

Kachikhatho kamodzi. Tsiku lija dzinali linali pansi pa nsalu, pafupi ndi chigongono changa, ine ndikutukwana akufa mumtima.

Ndiye bambo sananame, agogo sananame, mpukutu sunaname. Agogo anakula akuti bambo kwa amene ankawadyetsa, nkupita nalo dzinalo ku Babulo. Mlembi analemba zake. Tonse tinali olondola, koma ine ndimagogoda pakhomo lolakwika.

A Sefatiya anawerenga kawiri, nkuyamba kuseka, chiseko cha nkhalamba chothera m'chifuwa. Akuti zaka makumi atatu akusunga mpukutu umenewu, mzere umenewo sanaufunsidwepo. Abwera okha mawa, mpukutu pa bulu. Akuti akufuna aone nkhope ya Gadiyeli.

Ndabwera ndikuimba njira yonse. Abusa ena anandipatukira, ankayesa ndaledzera. Podutsa pamunda ndinagwira mtengo uliwonse, yonse makumi atatu ndi umodzi.

Hogila anangoti, "Mwawapeza?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye sambani m'manja, mumugwireko mnzanuyu, ine ndigone."

Tsiku la 15

Pachipata panadzaza, ana mpaka pamwamba pa linga. Gadiyeli atavala mkanjo wa pa chikondwerero, ana ake aamuna anayi kumbuyo, mitanga yothyolera ataikonza kale.

Anayamba ndi iye. Analankhula nthawi yaitali. Za obwera, za anthu onunkha zakudya za Ababulo, za agogo ake a Pelatiya amene anali ndi ana awiri okha. Anafika ponena kuti munda wa kuchitsime unali wa Uziyeli, ndipo unagwera kwa iwo chifukwa Uziyeli anafa wopanda mwana. Ananena yekha, ndi pakamwa pake, anthu onse akumva. Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi kuti ndisaseke.

Kenako a Sefatiya. Anachedwa dala, kupukuta m'manja, kutsokomola, kufunsa madzi. Nkuwerenga mokweza, mawu amodziamodzi.

Mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye eni ake ndi awa," ndipo chipata chonse chinaphulika.

Gadiyeli anapempha kuona yekha. Sadziwa kuwerenga, koma anayang'ana nthawi yaitali ndithu, mwina ankayembekeza kuti zilembo zichita manyazi nkusamuka.

Chigamulo ndi ichi. Munda wonse wa kuchitsime ndi wa nyumba ya Uziyeli, ndiye kuti ife. A kwa Gadiyeli abwerera ku gawo la Pelatiya, kumtunda kwa miyala kuja. Chaka chino athyole mitengo khumi chifukwa anasamala mundawo ife kulibe. Ndavomera ndi mtima wonse. Mwala wa malire aubwezeretsa mawa.

Pobalalika ndinapita kwa iye, nkumugwira dzanja mwaulemu wonse. Ndinati, "Bambo aang'ono, mawa ndi mdulidwe wa mwana, mubwere mudzadye." Ndi bambo anga aang'onodi, mpukutu watero. Nkhope yake ngati wamwa viniga. Koma anati abwera.

Mtima uli myaa. Ndadya mikate itatu. Bambo, mukanakhalapo.

Chinthu chimodzi chikundibaya. A Sefatiya anandinong'oneza tikumanga mpukutu. "Pelatiya akanamulemba mwanayo pa dzina lake, lero ukanagawana mundawu ndi abale onsewa, iwe nkutola nyenyeswa. Wadya chifukwa munthu wina anameza mwala." Agona kwathu, akuti alembe okha dzina la mwana asanabwerere.

Tsiku la 16

Tsiku lachisanu ndi chitatu. Mwana wadulidwa, analira pang'ono, wagona. Ndinapha kamwana ka mbuzi. Gadiyeli anabweradi, anadya kuposa aliyense, nkunena kuti mchere wachepa.

M'mawa, anthu asanafike, ndinatsikira kumunda. Ndimaganiza za Pelatiya. Moyo wanga wonse ndamutchula ngati mwala wopondapo powoloka, Semaya mwana wa Pelatiya, basi. Sindinaganizepo kuti naye ananyamulapo khanda la mphuno yake, mwana wake woyamba, nkuima pamaso pa mlembi. Nkutchula dzina la mkulu wake amene anali kale m'manda. Anamulera, anamudyetsa, anamusungira munda. Mu mpukutu pansi pa dzina lake mwanayo mulibe. Ine ndi amene ndikudya azitona ake.

Ndinaganizanso za achimwene. Anandibereka pamsana pamene ndinathyoka mwendo tili ana. Manda awo ndi mulu wa miyala m'dziko la eni, sindingawapezenso ngakhale nditafuna.

Titatha kudya a Sefatiya anafunyulula mpukutu pa mphasa, nkusongola bango. Analemba kaye mzere umene unasowa zaka zonsezi. Semaya anabala Hanani. Hanani anabala Mataniya ndi Yedaya. Ndinaona dzina langa likulowa m'chikopa cha makolo, inki ikunyezimira.

Nkukweza maso. "Dzina la mwana?"

Ndinati Pelatiya.

Gadiyeli anasiya kutafuna.

"Mwana wa yani?"

Hogila sanandiyang'ane. Anali pakhomo la chipinda, maso pa khanda, osapempha kanthu. Panalibe wina m'nyumbamo wodziwa za chokolo chija.

Ndinati, mwana wa Mataniya, mkulu wanga, amene anafa m'njira wopanda mwana.

Zinawawa. Sindinama pa phale langa lomwe, zinawawa kwambiri, ndipo zikuwawabe. Koma mawu anatuluka okwera, onse anamva, ndipo sindinayang'ane pansi. A Sefatiya analemba, nkuuzira inki. Anandigwira paphewa.

Pansi pa Mataniya pali dzina tsopano. Pansi pa Yedaya chikopa chili mbee. Ndinakhala ndikuyang'ana pamenepo. Nkhalamba ija inayamba kukulunga, ndiye Hogila analankhula ali pakhomo pomwepo, mayi wosayenera nkomwe kutulukira kwa alendo.

"A Sefatiya, pansi pa bambowa musalembepo wina. Musiye malo okwanira. Tikubweranso."

Anthu anaseka mpaka Gadiyeli kutsamwa. Ine ndinathawiranso kuseri kwa khola.

Mawa tiyamba kuyala nsalu pansi pa mitengo. Mitanga ilipo isanu, ikufunika khumi. Bulu akadali kutsimphina. Phale latsala pang'ono, ndipo mwana wa Mataniya wadzuka, akulira. Mayi ake akuti akufuna bambo ake. Ndikupita.