Khungu la Nsomba mu Khofi

Lolemba, 9 Januwale
Mdima m'mawa wonse. Chipale chofewa chaunjikana mpaka pawindo. Khungu langa la nsomba lasowa m'chitini. Ndinaumitsa ndekha, ndinaduladula ndekha, lero mulibe ngakhale kachidutswa. Khofi wophika wopanda khungu, nsenga sizikhala pansi. Ndamwa matope. Kiyi wa nyumba ino tili naye anthu awiri, ine ndi Annelie, mkazi wa mwana wanga Torbjörn. Ine sindingadzibere.

Lachinayi, 12 Januwale
Annelie wabwera ndi yogati ndi tinjere tija amadya kutauni. Zambalame. Akuti, "Amayi, nsomba mu khofi? Koma muli bwinobwino?" Ndati mwana iwe, amayi anga ankatero amako asanabadwe n'komwe. Ife tinakulira phala lamchere, kudya chiimirire, ng'ombe zikulira m'khola. Malemu mwamuna wanga Evert sanapiteko kodula mitengo asanamwe khofi wanga pakambale, kambulu ka shuga kali pamano. Lero zasanduka matenda.
Ndamuona akusuzumira mufiriji, kenako kugwiragwira sitovu. Amafunapo chiyani?

Loweruka, 14 Januwale
Batala ndamupeza m'kabati ya nsapato. Ndani amaika batala pa nsapato? Nzeru zake ndazidziwa. Kusuntha zinthu kuti ndizioneka wozungulira mutu.
Torbjörn waimba foni. Mawu ofewa ngati a m'busa pamaliro. Akuti Lachitatu kubwera mayi wa kukhonsolo kudzaona mmene ndimadyera m'mawa. "Kungocheza chabe, amayi." Kucheza! Anachezanso chomwecho ndi mnzanga Dagny. Pano ali kunyumba ya okalamba, amamupatsa khofi wozizira m'kapu yapulasitiki yamlomo ngati khanda. Nyumba yake anagulitsa chilimwe chomwecho.
M'khitchini muno ndinalowa ndili mkwatibwi. Ndidzatuluka miyendo ili kutsogolo.

Lachitatu, 18 Januwale
Wabwera. Mayi Sundqvist, wamng'ono ndithu, nsapato anavula pakhomo, ulemu ulipo. Ine ndinakonzeka. Ketulo ndinabisa kuchipinda. Ndatulutsa makina a khofi aja anandigulira pa Khirisimasi, ndadina batani ngati mtsikana wa mu ofesi. Yogati m'mbale, tinjere pamwamba. Ndameza ndikumwetulira. Wandifunsa tsiku, ndamuuza tsiku ndi dzina la galu wa agogo ake, poti kwawo ndikudziwa. Waseka. Akuti, "Agogo, inu ndiye mutiika m'manda tonsefe."
Annelie anali pakona, maso ofiira. Manyazi, n'chiyaninso.

Lachisanu, 20 Januwale
Ndapambana. Ndikhala pano. Ndamuuza Annelie abweze kiyi. Waika patebulo osatsutsa. Potuluka akuti, "Sitovu muzizimitsa, amayi. Kawiri konse ndakhala ndikuipeza ikuyaka, sindinauze munthu." Bodza lina likadali m'kamwa mwake. Ndatseka chitseko, makiyi onse awiri ndamanga pachingwe, ali m'khosi.
Ndagula nsomba, khungu ndapachika pafupi ndi sitovu. Nsomba yake mtengo ngati ng'ombe.

Lamulungu, 29 Januwale
Khofi woyera ngati galasi. Pakambale, shuga pamano. Buledi wouma, tchizi. Palibe wondiyang'ana m'kamwa. Torbjörn waimba, sindinayankhe. Azolowere.

Lachiwiri, 7 Febuluwale
Ndadzuka ndi fungo. Ketulo ili pasitovu, yapserera, pansi pake pafiira. Utsi wadetsa denga. Patebulo kapu yomwera kale, buledi wolumidwa, batala atapakidwa mpaka m'mphepete mmene ndimapakira ine. Sindikukumbuka kudya. Ndinabwerera bwanji pabedi?
Ndayang'ana chitseko. Chokiya. Mawindo otseka. Panja chipale chili see, palibe phazi la munthu. Makiyi onse awiri ali m'khosi mwangamu.
Ndakhala pampando nthawi yaitali, ndikuyang'ana dengalo. Sindifikira ngakhale nditakwera patebulo. Torbjörn akaliona, basi, kwa Dagny.
Amene amadziwa kusunga pakamwa ndi mmodzi yekha.
Ndamuimbira Annelie. Yalira kamodzi, ndadula. Wabweza pomwepo. Akuti, "Amayi, ndibwere?" Ndati bwera ndi penti yoyera, ndipo usandifunse. Akuti, "Ndibweretsenso chiyani?" Ndati yogati ayi.
Kiyi mmodzi ndamasula. Ali patebulo. Ndikumudikira.