Mpando Umodzi ndi Mkamwini

Lachinayi masana, ku Area 9

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ine ndilipo, koma mawondo aja akuipiraipira, ndiye Esinala, mdzukulu wanu, anandichotsa kumudzi n'kundisunga kuno ngati dzira. Tadala wake uja wachira, ndi mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija. Mtedza unachita bwino. Chimanga ndiye musafunse, mungakwiye.

Nkhani imene yandizunguza mutu ndi ya chiliza chanu. Tinagwirizana kuti timange mvula isanayambe, koma mukulidziwa dambo lija la pakati pa mudzi ndi kumanda. Galimoto wamba sadutsa, ng'ombe za ngolo tinagulitsa, ndipo ine miyendo yandikana.

Tsono mwamuna wa Esinala, bambo a Tadala, amene amamanga nyumba za anthu ku Area 10, akufuna kugula kagalimoto ka dizilo, koti kazinyamula mchenga ndi njerwa pantchito pawo, nthawi ya dzinja kazipita kumunda ndi feteleza. Akuti kameneko kadutsa dambo, simenti ndi ine tonse pamodzi. Ananditengera ku Old Town kuti ndikaone tiwiri timene mtima wawo wagwerapo.

Amayi, zinthu zake sindinazimvetse. Thirakitala si thirakitala, galimoto si galimoto. Zitseko palibe, matayala onenepa ngati mitondo, kulira kwake ngati chigayo. Kobiriwira n'kakafupi, kumbuyo kuli chibokosi chachikulu chimene chimadzuka chokha n'kukhuthula katundu. Kofiira n'kakatali, mipando kutsogolo ndi kumbuyo, koma chibokosi chake ngati lichero. Wogulitsa analankhula Chingerezi mpaka thovu, ine n'kumuuza kuti abweze mawu enawo akawagulitse kumsika wa Tsoka, andiuze chabe kamene sikatitimira m'matope. Anati kobiriwirako. Kofiira akuti mimba yake imakhula pansi pakakhala mizere, ndipo simenti kanganyamule yongozirira pakhomo pa khitchini basi.

Ndinati nanga mwandiitanira chiyani, gulani kobiriwirako. Apa Esinala anandinong'oneza kuti ndiyang'anitsitse. Amayi, mpando ndi umodzi. Woyendetsa apa, wokwera apa, phewa kukhudza phewa. Woyendetsayo ndi mkamwini wanga.

Inu munkati mkamwini timamumvera kutsokomola, sitimuona mano. Mwamuna wanga akamabwera m'njira munkalowa m'chimanga ndi mtsuko pamutu. Inenso bambo a Tadala sindinadye nawo mbale imodzi, ndipo m'galimoto mwawo ndimakhala kumbuyo, maso pawindo. Lero ndikagundane nawo mawondo m'mabampu, mudzi wonse ukuona?

Ndinati ndikhala m'chibokosi pamwamba pa simenti. Wogulitsa anakana, akuti munthu sakwera mmenemo. Ndinati Esinala ayendetse. Esinala ndi uja anagwetsa geti ndi galimoto ya mwamuna wake. Mkamwini nayenso anali atatembenukira kumpanda, thukuta lili kamukamu, ndipo analankhula ngati akuuza mpandawo:

"Mayi a Tadala, auzeni amayi kuti ndigula kofiira ngati afuna. Njerwa ndidzaona pozinyamulira."

Mawu amenewa andisowetsa mtendere. Munthu akufuna kuononga ntchito yake chifukwa cha manyazi anga. Komanso kofiirako kakatitimira pakati pa dambo, adzandibereka kumsana ndani? Si yemweyo? Ndiye ulemu uli pati, Amayi, pa phewa kapena pa msana? Ndakhala ndikuyerekeza tiwiriti ngati ndikusankha nkhuku, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndalakwa.

Lero m'mawa ndamuuza Esinala kuti agule kobiriwirako. Koma ndatulutsa chitenje chanu chija cha mvano, chimene munandisiyira. Ndichipinda n'kuchiika pakati pa ine ndi mkamwini. Anthu akafunsa, ndidzati pakati pathu pakhala apongozi aakulu, amene ali ndi mawu akawafunse okha.

Tsono mukadzamva chigayo chikuwoloka dambo, musathawire m'chimanga, ndi ife. Tifika mvula isanagwe, ndalonjeza. Chonde nkhaniyi muwafotokozere abambo ndi azakhali aNabanda inu nomwe, asanaimve kwa ena obwera kumeneko, chifukwa azakhaliwo mukuwadziwa, adzati ndinakhala pamwendo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dorika