Chala cha Ezell

Lolemba, 4 Malichi

32 ndi 3/4. Ndawerenga katatu. Magalasi ndavula, ndapukuta, ndavalanso. Ikadali 32 ndi 3/4.

Umenewo akuti ndi mkono wa Ezell Prudhomme, malinga ndi amene amayeza anyamata a m'makoleji pa mayeso aakulu a sabata yathayi. Ine mkono womwewo ndinauyeza ndekha chaka chatha mu Epulo, kukoleji kwawo ku Louisiana, tepi yanga, manja anga: 33 ndi kota. Ndiye kuti mwana wa eni wafupika theka la inchi chaka chisanathe? Ndi juzi kodi, kuti anamuchapa ndi madzi otentha?

Choipa chake n'chakuti kutimu yathu ya mpira wa ku America kuli lamulo. Wotchinga wa kumapeto kwa mzere, uja amateteza msana wa woponya mpira, mkono wake usachepere mainchesi 33. Ukachepera, khadi lake limachoka pa bolodi la osewera amene tikuwafuna, ndipo tsiku limene matimu amasankha osewera a m'makoleji mosinthanasinthana likafika dzina lake silitchulidwa n'komwe. Lamuloli anabwera nalo ndi Brandt, mkulu wa manambala, amene anabadwa chaka chimene ine ndinathyoka bondo n'kusiya mpira.

Brandt wandiimbira masana, ndi ulemu wake wonse uja. Akuti mwina tepi yanga yatanuka ndi ukalamba. Sindinamufunse kuti ukalamba wa ndani.

Lachitatu, 6 Malichi

Khadi alichotsa. Bwana Halvorsen, eni mawu omaliza, ngakhale kafoni osandiimbira. Ndaziona ndekha pa kompyuta, dzina litasanduka lotuwa.

Zaka 24 ndikusaka osewera, ndipo ana ngati ameneyu ndaonapo atatu, mwina anayi. Masewero ake khumi ndi limodzi ndaonera, ena kawirikawiri. M'zaka ziwiri, woponya mpira wawo wagwetsedwa kamodzi kokha kudzera mbali yake. Munthu wa mapaundi 315 koma mapazi opepuka ngati a mtsikana wodumpha chingwe. Ndinafunsa aphunzitsi ake, dalaivala wa basi ya timu, mpaka mayi wochapa mayunifolomu. Mayiyo anandiuza kuti pa anyamata onse, ndi Ezell yekha amene amatembenuza masokosi ake asanawaponye m'dengu. Zimenezi kompyuta ya Brandt ilibe pozilemba.

Koleji yake ndi yaing'ono, pa TV saionetsa. Akapanda kusankhidwa, ndiye kuti abwerera ku boti la nkhanu la amalume ake, basi.

Mkazi wanga Verna wati ndisiye kutukwana kompyuta, chakudya chikuzizira.

Lachiwiri, 19 Malichi

Maola asanu ndi awiri pa msewu. Khofi wa pomwetsera mafuta, wowawa ngati mankhwala. Bondo likudandaula. M'chikwama muli matepi atatu: yanga, yatsopano ya m'sitolo, ndi ya Verna yosokera. Tione kuti watanuka ndani.

Lachitatu, 20 Malichi

Tsiku loonetsa anyamata kukoleji kwa Ezell. Osaka osewera tinalipo asanu ndi anayi okha. Lonnie Tackett analipo, ndi chipewa chake chomwe chija. Timu yake ndi yathu ndi adani enieni, timakumana kawiri pa chaka, koma iye ndi ine tayenda misewu yomweyi zaka makumi awiri. Timabwerekana cholembera, mankhwala a mutu, tayala. Maganizo pa osewera okha ndiye ayi. Ndiwo mwambo wa ntchito yathu: mwana ukamukonda, yasamula, anzako asadziwe.

Lero ndayasamula mpaka nsagwada kuwawa.

Zothamanga zitatha ndinamuitanira Ezell pakona, m'chipinda chonyamulira zitsulo. Mkono wamanja, kuyambira pa fupa la phewa mpaka nsonga ya chala chapakati. 32 ndi 3/4. Tepi yatsopano, chimodzimodzi. Ya Verna, chimodzimodzi. Ndinadziuza kuti basi Roscoe, wakalambadi, Brandt amanena zoona.

Kenako ndinayang'ana pamene pathera tepi.

"Tawongola chalachi."

"Sichiwongoka, bambo Tull."

Chala chapakati chapindika pa mfundo ngati mbedza. Akuti chinakodwa m'zitsulo za chisoti cha mnzake mu Okotobala, masewero asanafike theka. Anangochimangirira ku chinzake n'kubwerera m'bwalo. Adokotala ankafuna achiike m'chikhakha milungu isanu ndi itatu, iye anakana chifukwa nyengo ya mpira ikanamuthera pompo. Ndinamufunsa kuti anali masewero ati. Atatchula ndinakhala pa benchi. Ndi omwe aja ndinawapatsa malikisi apamwamba kuposa onse.

Ndinayeza wamanzere. 33 ndi kota.

Anandifunsa ngati chala chabechi ndicho chapangitsa kuti mafoni asiye kulira. Akuti womuimira wake pa zokambirana ndi matimu wapeza dokotala amene angachithyolenso n'kuchiwongola. Ndinamuuza kuti asayerekeze. Munthu satchinga ndi nsonga ya chala, amatchinga ndi chikhatho, ndipo mkono ndi womwe uja. Anati chabwino bambo, koma maso ake ankandifunsa kuti nanga mabwana anu akudziwa zimenezo?

Lachinayi, 21 Malichi

Ndamulembera Brandt masamba awiri, ndi chithunzi cha chala. Wayankha mizere itatu. Nambala yovomerezeka ndi ya pa mayeso aakulu, mkono wamanja, aliyense mofanana. Tikasinthira mmodzi tisinthira onse. Za chala madokotala athu anaziona kale, tsamba 14, ndipo anati sichingamulepheretse kusewera.

Ndiye madokotala akuti chalacho chilibe vuto, tepi ikuti chalacho chamupha, ndipo zonsezi zili m'faelo imodzi. Palibe waona chachilendo.

Zandikwana.

Lachisanu, 22 Malichi

Ndachita chinthu.

Tinadya nkhomaliro ndi Lonnie pa kanyumba kaja ka mlamba wokazinga, tikupita kukoleji ina. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti nkhope yagweranji ngati wamwalira ndi galu wanga. Ndinati bondo.

"Bondo lake liti, mdala iwe. Wakupweteka ndi uja wa mikono ifupiifupi. Usadandaule, ifenso tinamufufuta."

Ifenso tinamufufuta. Ndiye kuti onse, matimu onse, nambala yake ndi yomweyo. Ndinaona boti la nkhanu lija. Ndinaganiza kuti kwathu mwanayu wafa kale, nanga afe paliponse chifukwa cha kota ya inchi? Pakamwa panangotseguka pokha.

"Ukadutsakonso, umuyeze wamanzere. Ndipo umuyang'ane chala."

Lonnie anasiya kutafuna. Sanalembe kanthu. Ndimamudziwa, zofunika salemba. Anangopempha sosi wina n'kuyamba nkhani ya mdzukulu wake.

Zaka 24 sindinatsinepo munthu khutu. Sindikudzimva wolakwa. Mwina pang'ono.

Lolemba, 8 Epulo

Misonkhano ku likulu. Chipinda chopanda zenera, anthu makumi awiri, masangweji ozizira. Brandt ndi zojambula zake kuyambira m'mawa. Mawa ndi nthawi ya otchinga.

Lachiwiri, 9 Epulo

Sindinakonzekere kuchita zimenezi, kapena ndinene kuti tepi ndinaiika m'thumba dala.

Atafika pa dzina la Ezell, Brandt anati ameneyu tinamudutsa kale. Ndinaimirira n'kupempha bwana Halvorsen kuti aimirire nawo, atambasule mkono. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anaimirira. 31 ndi theka. Ndinawapempha apinde chala chapakati. 31.

"Bwana, mkono wanu wafupika. Mukumva kupweteka penapake?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Bwanawo sanaseke. Brandt anati nthabwala ndi nthabwala, koma pa otchinga makumi anayi a mikono yosakwana 33 amene anasankhidwa m'zaka khumi, amene anapindula ndi atatu okha. Sakunama, mwanayo homuweki yake amachita. Ndinamuuza kuti makumi anayiwo ndikuwavomera, koma Ezell sali m'gulu lawo, wangolembedwa m'kalasi yolakwika.

Ndinaika kanema wa mu Okotobala, chigawo chachiwiri chokha. Ezell akumuyendetsa mnyamata wina, amene aliyense akuti asankhidwa tsiku loyamba la kusankha osewera, ngati ngolo ya m'sitolo. Bwana anapempha kuti ndibweze kawiri. Anafunsa ngati limenelo ndi dzanja lothyoka lija. Ndinati lomwelo. Anati tiona, n'kupempha dzina lotsatira.

Tiona. Mawu amenewa ndawamva zaka zambiri, ndipo sindinaonepo kanthu.

Lachisanu, 12 Epulo

Khadi labwerera pa bolodi. Analibweza ndi Brandt mwini wake, ndi dzanja lake, atakhala masiku awiri akuonera makanema. Anabwera pa desiki panga n'kunena kuti mdala, mapazi amenewo ndinali ndisanawaone bwino. Ndinali nditasunga mawu ambiri omulasa nawo, onse awonongeka.

Kenako bwana anafotokoza nzeru yawo. Matimu ena onse ali ndi 32 ndi 3/4, choncho palibe chothamangira. Titenge ena kaye, Ezell atidikira mpaka ndime yachisanu ya kusankhako, pa mwayi wathu wa nambala 151, timutola ngati bowa.

"Za chalazi tikudziwa ndife tokha. Si choncho, Roscoe?"

"Ndi choncho, bwana."

Ndinamwa madzi a munthu wina osazindikira.

Lamulungu, 14 Epulo

Ndamuuza Verna tikuchokera kutchalitchi. Titafika pa geti anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Akuti mawa ndikawauze bwana, angotenga mwanayo msanga mu ndime yachinayi, nkhani ithe. Ndinamuuza kuti ndikanena ndiye kuti ntchito yatha tsiku lomwelo, ndipo mwina Lonnie anaiwala. Anati Lonnie amakumbukira tsiku lobadwa la mphaka wathu.

Madzulo ndinamuimbira Lonnie, ngati kungocheza. Za nsomba, za msana wake, za mitengo ya matayala. Ndinaponya dzina la koleji ya Ezell ngati mwangozi.

Anayasamula. Pa foni, mokweza.

Lachitatu, 24 Epulo

Kawiri ndafika pa chitseko cha bwana. Kawiri ndafunsa za malo oimika galimoto.

Lachisanu, 26 Epulo

Ndime zitatu zadutsa, dzina lake silinatchulidwe. Mu yachiwiri tatenga wothamanga amene ine sindikanamutuma ngakhale kukagula buledi, koma si wa dera langa, ndatseka pakamwa. Bwenzi nditaphunzira kutseka mu Malichi.

Ezell watumiza uthenga. Mayi ake aphikira anthu makumi anayi mawa, amalume atseka boti. Akufunsa ngati awauze kuti achepetse. Ndamuyankha kuti aphike.

Loweruka, 27 Epulo

Ndime yachinayi inadutsa bwino. Timu ya Lonnie inatenga woponya mpira, mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Mu yachisanu iwo anali pa 158, ife pa 151. Ndinawerenga pa zala ngati mwana wa sukulu. Tili patsogolo ndi asanu ndi awiri.

Pa 145 bwana anachotsa khadi la Ezell pa bolodi n'kuliika patsogolo pawo. Anandiitana kuti ndikhale pambali pawo, pa mpando wa wachiwiri wawo. Anati mwanayu ndi wako, umuimbire ndiwe, ine ndilankhula pambuyo. Zaka 24, sanandipatsepo foni imeneyi. Ndinatulutsa foni yanga, ndinapeza nambala ya Ezell, n'kuiika pa tebulo pakati pa ine ndi bwana, yoyang'ana kumwamba, kuti nthawi ikakwana ndingodina.

146. 147. 148.

Pa 149 TV inati pachitika kusinthana. Timu imene inali pamenepo yagulitsa malo ake. Chizindikiro cha timu yogula malowo chimene chinatuluka ndinachidziwa chisanaoneke chonse. Ndachiona pa chipewa cha Lonnie chija zaka makumi awiri.

Ezell Prudhomme, wotchinga.

Amene anamenya tebulo ndi Brandt, Brandt weniweni, mpaka khofi kutayika. Ankangofunsa kuti adziwa bwanji, adumphira malo asanu ndi anayi munthu wa 32 ndi 3/4, adziwa bwanji? Pa TV ankaonetsa kanema wa mu Okotobala uja. Ndinene zoona, pano pokha: ndinakondwa. Pansi pa mantha onsewo ndinakondwa mpaka maso kutentha. Boti la nkhanu lipeze munthu wina.

Kenako foni inanjenjemera pa tebulo. Uthenga unatuluka wonse pagalasi, zilembo zikuluzikulu zimene Verna anandiikira chifukwa cha maso angawa.

"Wamanzere 33 ndi kota, monga unanenera. Mlamba wotsatira ndikugulira ndine. Lonnie."

Foni inali pafupi ndi bwana kuposa ine. Anawerenga. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, anawerenga kawiri. Sanakweze mawu. Anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka inagunda dzanja langa.

"Uthenga wanu, bambo Tull."

Chiyambire sananditchulepo bambo Tull.

Pa 151 tinatenga mnyamata wa mikono ya 35 amene mapazi ake ndi a njovu. Anamuimbira ndi Brandt. Ine ndinabwerera pa mpando wanga wa kumapeto, palibe anachita kundiuza. Potuluka bwana anati tionane Lolemba 8 koloko, ndibwere ndi kompyuta ya kampani ndi kiyi wa pa geti.

Ndikulemba izi m'galimoto, pa malo oimikapo, injini sindinalize. Matepi atatu aja akadali pa mpando wa kumbuyo, ya Verna sindinabweze. Foni ikuliranso. Ulendo uno ndi Ezell, kachitatu tsopano. Ndisiye kaye kulemba, ndimuyankhe.