Bala la ku Beira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ndafika ku Kadewere, amayi ali bwino, koma ine ndabwera ndi bala pamphumi.

Podikira sitima ku Beira, malo odyera a Apwitikizi anatikana ine ndi anzanga, ndiye tinalowa kwa Mtchaina wina. Anatipatsa mpunga ndi nkhumba yotsekemera ngati uchi. Ndisanakhute, mzungu woledzera anandiphwanyira botolo kumutu, akukuwa kuti wakuda adyere pansi. Magazi anadzaza m'mbale. Mtchaina uja anamukhapa mzunguyo ndi chimpeni chodulira nyama, zala zake ziwiri zinagwa.

"Thawani, apolisi akubwera!" anatiuza Mtchainayo.

Tinathawadi, iye anatsala yekha. Pobwera kumudzi mukamufunefune, ngati ali moyo mukamugwire dzanja m'malo mwanga. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Paulo